Thukuta la makaniko nalo lili ndi mtengo

Ife eni magalimoto tili ndi khalidwe lina lochititsa manyazi, ndipo ine ndikhala woyamba kuulula. Tikalowa m'sitolo ya masipeya ku Limbe, wogulitsa akatchula mtengo timangopukusa mutu n'kupisa m'thumba. Koma tikafika pansi pa mtengo wa nimu pamene makaniko amagwirira ntchito, mpamene timakumbukira kuti ndalama ikuvuta. Chitsulo timachilipira mwaulemu, koma munthu wochimangirira timamunenerera ngati tikugula tomato wotsala madzulo.

Ndili ndi Toyota Hilux yakale kuno ku Ngabu. Imanyamula thonje, mbuzi, chimanga, odwala, ndipo kukagwa zovuta imanyamulanso maliro. Amene mumaidziwa misewu ya m'chigwa cha Shire simufunika kufotokozeredwa zambiri. Ukangosiya phula la M1 n'kukhotera kumidzi, m'chilimwe ndi fumbi ndi mabampu, m'dzinja ndi matope a makande amene amamatirira mpaka ku ekiselo. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adasiya zigwembe zimene zina mpaka lero tikuzizembabe. Amene amayenda msewu wa kutsidya kwa Shire, wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima ndi Makhanga, akudziwa chimene ndikunena.

Galimoto itayamba kugogoda kunsi ndi kudumphadumpha ngati tonde, ndidakwera mapiri kupita ku Limbe. Ndidagula ma shock anayi, ma bush a masipuling'i akumbuyo, ndi ma U-bolt, zitsulo zopindika zija zimene zimagwira masipuling'i pa ekiselo. Ndalama zidapita zambiri ndithu, koma sindidadandaule kwa munthu.

Pobwerera ndidaima pa galaja ya bambo ena achikulire amene akhala akukonza magalimoto kuyambira ine ndili kupulaimale. Adagwada, adasuzumira kunsi, adagwedeza tayala lililonse, kenaka adadzuka n'kupukuta m'manja.

“Bwana, ntchito imeneyi ndi ya masiku awiri. Mundipatsa K120,000.”

“Aa, madala, masipeya ndagula ndekha. Inu n'kungomasula ndi kumanga basi. K50,000 yakwana.”

Adaseka pang'ono. “Mabawuti a galimoto ya kuno sali ngati a ku Blantyre, bwana. Awa adamwa madzi osefukira. Kukambirana nawo kokha ndi tsiku lathunthu.”

Ndidaona ngati akundidyera masuku pamutu. Ndidapita kwa mnyamata wina amene adavomera K45,000, ndipo pofika masana adali atamaliza. Ndidachoka ndikudziyamikira kuti ndine wochenjera.

Patatha masabata atatu, usiku, foni idalira. Mlamu wanga kumudzi matenda adali atayamba, mwana woyamba. Ndidakamutenga pamodzi ndi apongozi, ndipo pobwerera ndidaponda moto pang'ono poona mmene ankabuulira. Titadutsa pa khwawa lina kudamveka kuti phwa! Galimoto idayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Nditaunika ndi foni ndidapeza kuti ekiselo yakumbuyo yasuntha mbali imodzi, tayala likukhula bodi. Ma U-bolt adali atakhwefuka, ndipo bawuti yapakati yogwira masipuling'i idali itaduka. Mayi wodwala uja adakafika kuchipatala pa njinga yamoto, atakhala pakati pa woyendetsa ndi apongozi. Mwana adabadwa bwino, mayi ali bwino, koma ola limene ndidakhala ndekha mumdima ndikudikira uthenga sindidzaliiwala. Ndalama zimene ndidapulumutsa zija ndidaziwerenga kangapo usiku umenewo, ndipo sizidandisangalatse.

Ndidabwerera kwa madala aja nkhope ili pansi. Sadandinyoze. Adangoti, “Khalani pa benchipo muzionerera, bwana, kuti mudziwe chimene mukulipira.” Ndidakhaladi masiku awiri, ndipo zimene ndidaona ndi zimene ndikufuna ndikugawireni.

Choyamba ndi dzimbiri. Bawuti imene yakhala m'madzi ndi m'matope imamatirirana ndi chitsulo cha mkati mwa bush. Ena amafunika kuwathira mafuta n'kudikira, ena kuwawotcha ndi moto wa gasi, ena kuwadula. Mnyamata uja mabawuti awiri atamukanika adangowasiya, ma bush atsopano n'kuwaponya kuseri kwa mpando. Ndidawapeza ali m'pepala lawo.

Chachiwiri ndi ngozi. Shock yakutsogolo ya Hilux ngati yangayi imakhala mkati mwa sipuling'i yozungulira imene imasenza kulemera kwa injini. Kuti uichotse uyenera kuyamba waifinya sipuling'iyo ndi chida chake. Chidacho chikapulumuka, sipuling'i imauluka ndi mphamvu yotha kuphwanya chibwano cha munthu. Ndipo nthawi yonseyi munthu amakhala kunsi kwa galimoto yolemera pafupifupi matani awiri, pa dothi limene mu October limawotcha ngati chiwaya, kutentha kutadutsa madigiri 40.

Chachitatu ndi nzeru zimene sizioneka ndi maso. Mabawuti a ma bush samangitsidwa galimoto ili pa jeke. Umayamba waitsitsa kuti iime pa matayala ake, kenaka n'kumangitsa. Ukamangitsa ili m'mwamba, labala imapotoka galimoto ikatsika ndipo imang'ambika msanga. Manati a U-bolt amamangidwa mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, ndipo galimoto ikayenda maulendo angapo imayenera kubweranso kuti awakungenso, chifukwa masipuling'i amakhala akukhazikika. Ichi nchimene sichidachitike pa galimoto yanga. Pomaliza, wakhudza za kutsogolo ayenera kuonetsetsa kuti matayala awongoledwa, apo ayi adyeka mbali imodzi, ndipo mtengo wa tayala limodzi lokha masiku ano mukuudziwa.

Tsono mtengo woyenera ndi uti? Sindingakupatseni nambala imodzi, chifukwa Land Cruiser si Hilux, ndipo galimoto imene imagona pa simenti ku Nyambadwe si imene imawoloka makhwawa a ku Chapananga. Koma pali mafunso amene angatithandize tonse. Ntchitoyo itenga maola angati? Agwira anthu angati? Pamenepa tisaiwale mnyamata wothandizira uja, amene nayenso madzulo amayembekezeka kufika ndi ndiwo kunyumba. Pafunika zida zanji, ndipo gasi wagulidwa ndi ndani? Nanga ikavuta mawa, mwini ntchito adzaiyang'ananso osalipiritsa? Nditawerengera motere ndalama ya madala aja, masiku awiri, anthu awiri, gasi ndi zida zawo, ndidapeza kuti amene ankafuna kudyera mnzake masuku pamutu ndidali ine.

Tikumbukirenso kuti ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, a masitolo adasintha mitengo tsiku lomwelo ndipo tidavomereza. Sipanala, jeke ndi girizi za makaniko nazonso zimachokera kunja. Ufa amagula pamsika womwe timagula ife. Koma m'mitu mwathu mtengo wa ntchito yake udaima pamene udali zaka zisanu zapitazo.

Ndisakhale ngati ndikuikira kumbuyo amakaniko onse. Alipo amene amayamba ayang'ana nsapato zako asadatchule mtengo. Alipo amene akaona chizindikiro cha bungwe pa chitseko, mtengo umabereka mapasa. Alipo amene amati “tidzakambirana ikatha,” podziwa kuti galimoto ikakhala pa miyala yopanda matayala mwini wake alibe pothawira. Alipo amene amabweza sipeya yakale, yatsopano n'kukaigulitsa. Amenewa ndi amene amachititsa kuti tizikayikira ngakhale anthu okhulupirika.

Mankhwala ake si ovuta. Mtengo utchulidwe bawuti yoyamba isadamasulidwe, ndipo wa ntchito ukhale padera, wa masipeya padera. Zilembedwe, ngakhale pa chikuto cha kope kapena pa uthenga wa pafoni. Makaniko akapeza vuto lina mkati, ayambe waimba foni asadaligwire. Masipeya akale abwezedwe kwa mwini galimoto. Ndipo mgwirizano unene poyera kuti galimoto idzabweranso kudzakungidwa popanda ndalama ina. Makaniko wodziwa ntchito yake, kaya ali ndi pepala la TEVETA kaya adaphunzirira pansi pa mtengo, sangakane zimenezi. Amene wakana wakuuzani kale kuti ndi munthu wotani.

Mnyamata uja sindimusungira chakukhosi. Ndidamupatsa ndalama ya theka la tsiku, ndipo adandigwirira ntchito ya theka la tsiku. Ndikadamufunsa chifukwa chake iye amaliza masana pamene mkulu wake wati masiku awiri, bwenzi nditadziwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Madala aja ndidawalipira K120,000 yawo, kuwonjezera ya bawuti yoduka ija, osanenerera ngakhale tambala. Sabata yatha ndidanyamula katundu mpaka ku Marka n'kubwerera, ndipo Loweruka m'mawa ndidakaimika galimoto pansi pa nimu uja. Adalowa kunsi ndi sipanala yawo yaitali, adakunga manati onse asanu ndi atatu, n'kutuluka akudzisasa fumbi. Nditapisa m'thumba adandigwira mkono.

“Iyi mudalipira kale, bwana. Kagulireni khanda lija sopo.”