Tsobola wakale ndi watsopano: mkangano wa nyimbo pa Mwami

Pa boda ya Mwami, pakati pa Zambia ndi Malawi, nyimbo sidinditsa pasipoti. Madalaivala a mathiraki akamadikira mapepala, amayi amalonda akamamasula mitolo kuti aonetse katundu, nyimbo imene yatuluka ku Lilongwe m'mawa imakhala itawoloka kale, ikulira m'foni ya mnyamata wanjinga amene akupalasa kulowera ku Chipata. Ya ku Lusaka nayonso imatsikira ku Mchinji mosafunsidwa kanthu. Mu Disembala 2022, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira boda yatsopano yoti wapaulendo azimalizira zonse pamalo amodzi, koma nyimbo zinali zitayamba kalekale kuyenda motero.

Chapafupi ndi pomwe pamaima matakisi pali kanyumba kamalata kotchajira mafoni. Mwini wake, mnyamata wa laputopu yong'aluka pakona, amaikiranso anthu nyimbo pa memori khadi. Tsiku lina ndikudikira foni yanga, panafika bambo wina waimvi atanyamula kakhadi m'kapepala.

"Mphwanga, Loweruka ndikukwatitsa mwana. Undiikire nyimbo, koma zikhale nyimbo zenizeni, osati zogogoda zanuzi."

"Madala, zogogodazo ndiye zimadzutsa anthu pampando. Mukaika zanu zokhazokha, paukwati pakhala ngati pamaliro."

Tonse tinaseka, koma awiriwa anali atagunda pa nkhani imene oimba, ma DJ ndi omvera akhala akukokana nayo kwa zaka: kodi nyimbo zatsopano zimene zikutuluka sabata ndi sabata zili ndi moyo, kapena nzeru zinatsalira kwa akuluakulu?

Mbali ya madala ndi yosavuta kuimva, ndipo siyopanda umboni. Iwo amati nyimbo za lero zili ngati nkhungu ya m'mawa: dzuwa likangotuluka, yabalalika. Imene inavuta pa Khirisimasi, pofika Isitala palibe akuifuna. Amati zambiri n'zofanana ngati mandasi a m'poto mmodzi, kugunda kwake ndi komwe kuja kwa amapiano a ku South Africa, mawu a woimba atawongoledwa ndi kompyuta mpaka osadziwika kuti ndi ndani. Amafunsa kuti magitala anapita kuti, nanga bandi yoti ikhoza kuimba usiku wonse popanda laputopu ili kuti.

Akafuna kutseka pakamwa achinyamata, amangoloza zimene zachitika posachedwapa. Gulu la WITCH, lomwe linagwedeza Zambia m'zaka za m'ma 1970 ndi nyimbo zomwe lero timazitcha Zamrock, linatulutsa chimbale cha Zango mu 2023 patapita zaka pafupifupi 40 lili chete, n'kubweranso ndi Sogolo mu 2025. Mtsogoleri wake, Emmanuel "Jagari" Chanda, ndi bambo wopitirira zaka 70, koma akudumphabe pa nsanja za ku Ulaya ndi ku America. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family, gulu la Paul, n'kumangirapo nyimbo yake yotchedwa Noid. Tsidya la Malawi, Lucius Banda anatisiya mu Juni 2024, koma kwerani minibasi iliyonse ya pakati pa Mchinji ndi Lilongwe, simuchedwa kumumva. Kwa madala, apa ndi pomwe pali tanthauzo la mwambi uja woti mawu a akulu akoma akagonera.

Achinyamata nawo ali ndi mwambi wawo: tsobola wakale sawawa. Ndipo ukawamvetsera modekha, yankho lawo ndi lolemera kuposa mmene madala amaganizira.

Choyamba, akuluakulu omwewo anali obwereka. Dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger wa Rolling Stones. Gitala wolira mokalipa wa Paul Ngozi anali ndi fungo la Jimi Hendrix. Anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka a nthawi imeneyo ankavala mathalauza otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali, ndipo makolo awo ankati ayamba misala ya azungu. Ndiye ngati mnyamata wa ku Kapata ku Chipata lero akutola kugunda kwa ku Johannesburg kapena ku Lagos, akungoyenda m'njira imene agogo ake anaipondaponda.

Chachiwiri, akuluakuluwo anali ndi mpanda wowateteza. Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Makampani ngati Teal ndi Zambia Music Parlour ankajambula ndi kugulitsa malekodi, ndipo ogwira ntchito m'migodi anali ndi kangachepe kogulira. Woimba wa lero alibe mpanda wotere. M'foni imodzi yomweyo akupikisana ndi dziko lonse lapansi, ndipo womvera akangotopa masekondi khumi, chala chimadumphira pa ina.

Chachitatu ndi chimene timakonda kuiwala: zakale zomwe tikumvera lero ndi zopetedwa kale. Nthawi inachita kupepeta, mankhusu anauluka, kunatsala mpunga wokhawokha. M'zaka za Zamrock ndi za kalindula munatuluka nyimbo zambirimbiri zopanda pake zomwe palibe akuzikumbukira. Kuyerekeza mpunga wa m'thumba ndi umene udakali pa lichero si chilungamo.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo za lero zimatuluka mothamanga chonchi? Yankho lili pa kanyumba kamalata kaja. Spotify inafika ku Zambia ndi ku Malawi mu 2021, ndipo Boomplay, Audiomack ndi YouTube zilipo, koma bandulo ndi yodula. Anthu ambiri a kuno amalandira nyimbo pa WhatsApp, kupatsirana foni ndi foni, kapena kukaikitsa pa khadi. Kandalama kamene madala aja analipira kanathera m'thumba la mnyamata wa laputopu. Woimba sanalawepo ngakhale ngwee imodzi. Mabungwe oteteza umwini wa nyimbo, ZAMCOPS ku Zambia ndi COSOMA ku Malawi, alipo ndithu, koma sangaike mlonda pa foni iliyonse. Choncho woimba amadya za pa shoo, za kutsatsa malonda a makampani, ndi za misonkhano ya ndale nyengo yake ikafika. Kuti aitanidwe, dzina lake liyenera kukhala pakamwa pa anthu mwezi uno, osati chaka chatha. Sangakhale zaka ziwiri akusema chimbale chimodzi. Amaponya nyimbo imodzi, ikalephera amaponya ina. Onjezanipo mtengo wa zida za bandi, ndi malaiti omwe mu 2024 ankapita pafupifupi tsiku lathunthu madzi atachepa ku Kariba, mudzaona chifukwa chake anyamata asanu ogawana ndalama asanduka mnyamata mmodzi ndi kompyuta.

Komabe achinyamata asabisale kumbuyo kwa zifukwazi. Pali chinthu chimodzi chimene madala akunena zoona, ngakhale amachinena molakwika. Mlandu si kubwereka ayi; mlandu ndi kubwereka osathirapo mchere wako. WITCH ndi Ngozi Family anatenga magitala a kunja, koma pansi pake anaikapo kagundidwe ka kwathu, zilankhulo zathu ndi nkhani za m'makomboni athu. N'chifukwa chake munthu wa ku Los Angeles akuzifunafuna lero: alibe zotere kwawo. Koma amapiano ojambulidwa ku Chipata omwe akungofanana ndendende ndi a ku Pretoria, ndani angawafune kunja? Eni ake ali nawo kale, ndipo awo ndi okoma kuposa athu.

Tikayang'ana bwino nyimbo zatsopano zomwe zapita kutali m'zaka zapitazi, tipeza kuti zambiri zabadwira pomwe wamkulu ndi wamng'ono, kapena zakwathu ndi zachilendo, zakumana. Mu 2020, Patience Namadingo anakhala pansi ndi Giddes Chalamanda, gogo wobadwa mu 1930, n'kuimba naye nyimbo zake zakale. Imodzi mwa izo, Linny Hoo, inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko omwe sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu, kwawo kwa Giddes, ili kuti. Sampa the Great, atatchuka ku Australia, anabwerera kumudzi n'kujambula chimbale cha As Above, So Below chomwe chinatuluka mu 2022, momwe anaitaniramo WITCH. Madalitso Band ya ku Lilongwe, anthu awiri okha ndi gitala ndi babatoni wopanga okha, ikuvinitsa anthu ku Ulaya. Kuno kum'mawa tili ndi chitsanzo chathu: Angela Nyirenda ndi Sakala Brothers anatenga mayimbidwe a m'midzi yathu n'kuwalowetsa mu situdiyo, ndipo mpaka lero pa kitchen party sipatha popanda mawu a Angela. Ngakhale zaka si nkhani: gogo Jetu wa ku Malawi walowa m'mabwalo a achinyamata ndi amapiano ali ndi zidzukulu.

Mzere wa pakati pa wotchuka ndi wongoyamba nawonso suchedwa kufufutika. Yo Maps anadziwika mu 2018 ndi nyimbo ya Finally, momwe Macky 2, yemwe anali kale ndi dzina, anamugwira dzanja. Pofika Meyi 2023, mnyamata yemweyo anadzaza National Heroes Stadium ku Lusaka pokhazikitsa chimbale cha Try Again. Zaka zisanu zokha. Amene tikumutcha wongoyamba lero ndiye mawa adzakhale akudandaula kuti ana a masiku ano sadziwa kuimba.

Koma pali funso lina limene mkangano wa madala ndi achinyamata umaphimba, ndipo kwa ife a kuno ndiye lopweteka kwambiri. Mwa mayina onse atsopano amene akulira pa Mwami, ndi angati omwe nyimbo zawo zinajambulidwa ku Chipata? Shoo yaikulu ikabwera m'tauni, dzina la pamwamba pa chikwangwani limakhala la ku Lusaka, la ku Copperbelt kapena la ku Malawi. Ana a kuno amaimba dzuwa likadali m'mwamba, mipando ili yopanda anthu, ndipo kawirikawiri malipiro awo amakhala mawu oti "mwaonekera". Mawailesi a kuno, monga Breeze FM yomwe anayambitsa mtolankhani Mike Daka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, amalankhula chilankhulo chathu ndipo ndi khomo lofunika kwa woimba wa m'dera. Koma maganizo a ambiri ndi akuti kuti uphulike uyenera kukwera basi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitirira 550, n'kukaphunzira kuimba ngati a ku Lusaka.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti tikuyang'ana kolakwika. Kuchokera ku Chipata, Lilongwe ili pafupi kwambiri, makilomita osafika 150. Tsidya la Mwami kuli anthu mamiliyoni omva chilankhulo chathu popanda womasulira, oseka nthabwala zomwezo, ogwada kwa Kalonga Gawa Undi yemweyo ku Mkaika pa Kulamba. Oimba akuluakulu anaona kale msika umenewu: Yo Maps anaitana Tay Grin wa ku Malawi pa nyimbo ya So Mone, ndipo Amalawi ena, Namadingo ndi Driemo, amalandiridwa ku Zambia ngati ana a pakhomo. Chodabwitsa n'chakuti mlatho umenewu ukumangidwa pakati pa Lusaka ndi Lilongwe, kudumpha pamwamba pa Chipata, pomwe Chipata ndiye ili pakamwa penipeni pa boda.

Sindikunena kuti njirayo ndi yosalala. Kukaimba kunja kumafuna zilolezo. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero ndalama ya pakhomo la shoo ku Lilongwe ikasinthidwa pa Mwami imabwera itaonda. Ndiponso Amalawi ali ndi oimba awo ambiri, sakudikira ife. Koma woimba wongoyamba safuna chuma tsiku loyamba, amafuna makutu. Ndipo ali ndi katundu amene a ku Lusaka alibe: mdidi wa ingoma ya Angoni umene umagwedeza nthaka ku Mtenguleni pa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, kuwomba m'manja kwa chitelele, ng'oma za chimtali, Chinsenga ndi Chichewa chokhala ndi miyambi yake yonse. Zina, monga za Gule Wamkulu, zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo wofuna kuzikhudza ayambe wagwada kwa akuluakulu a mwambo. Koma zambiri zili pabwalo, zikungodikira wozitola.

Ndiye mlanduwu tiugamule bwanji? Madala asiye kuweruza nyimbo ndi chida chimene chaipanga; kompyuta ndi gitala wa lero basi. M'malo monyoza, atsegule zitseko monga anachitira Macky 2 ndi Giddes. Okonza mashoo aike mwana wa kuno pa nthawi imene anthu adzaza, ndipo amulipire. Achinyamata nawo apitirize kubwereka, asachite manyazi, koma adzifunse funso limodzi asanatulutse nyimbo: muli chiyani umu chimene sichikanachokera kwina kulikonse koma kuno?

Pa kanyumba kaja, mnyamata anamaliza kuika nyimbo. Munali Angela Nyirenda, munali Lucius, munali Yo Maps, munalinso zogogoda zingapo zomwe madala anavomera monyinyirika. Asanatulutse khadi, anawonjezera ina.

"Iyi ndi yaulere, madala. Ndi ya mnzanga wa ku Kapata, anajambulira m'chipinda chogona."

Anaiyatsa pa kasipika. Inayamba ndi kugunda komwe kuja kwa ku Johannesburg, ndipo nkhope ya madala inakwinyika. Kenaka pansi pa kugundako panamveka manja akuwombedwa, amayi akuyankhana ngati pabwalo la mwezi wowala. Madala anapendeketsa mutu. Phazi lawo, lomwe linali phee m'fumbi, linayamba kugunda lokha.

"Ichi n'chitelele ichi," anatero. "Tabwezanso, mphwanga."