Masamba a mchezo ndi mtima wodziderera

Mu Sepitembala 2021 nyuzipepala ya Wall Street Journal inasindikiza zikalata zachinsinsi za kampani ya Facebook, zomwe anaulula ndi Frances Haugen, mayi yemwe ankagwira ntchito kumeneko. Zikalatazo zinasonyeza kuti pa kafukufuku wa kampani yomweyo, atsikana 32 mwa 100 aliwonse anati akakhala osakondwa ndi maonekedwe a thupi lawo, Instagram imawawonjezera ululuwo. Eni akewo ankadziwa zimenezi. Ine ndikuona kuti chimene chimavulaza mtima pa masamba a mchezo ndi kudziyerekeza ndi anthu ena, ndipo masambawa anakonzedwa m'njira yoti kudziyerekezako kusamathe.

Khalidweli si lachilendo. Kale mu 1954, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Leon Festinger anafotokoza kuti munthu akasowa muyeso wodalirika, amadziyeza poyang'ana anzake. Chomwe chasintha ndi anthu amene tikudziyeza nawo. Mnansi wa nyumba yoyandikana umamudziwa yense: umaona njinga yatsopano, komanso umamva za ngongole ya katapila imene yamusowetsa tulo. Pa Facebook umangoona njingayo. Wachibale amene ali ku Johannesburg amaponya chithunzi atatsamira galimoto, koma saponya kachipinda kamene akugona mothithikana ndi anzake, kapena mantha a mapepala amene atha ntchito. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kungoti pa foni mkuyuwo sungautsekule. Mnyamata amene wamaliza Fomu 4 n'kukhala pakhomo amayeza moyo wake wonse ndi mphindi imodzi yosankhidwa ya mnzake, n'kugamula kuti iye ndiye wolephera.

Umboni wake ulipo. Facebook itayamba ku Harvard mu 2004, inafika m'sukulu zaukachenjede za ku America pa nthawi zosiyanasiyana. Zimenezi zinapatsa mpata Luca Braghieri, Ro'ee Levy ndi Alexey Makarin woyerekeza sukulu zomwe inafikako ndi zomwe inali isanafike. M'zotsatira zawo za 2022, anapeza kuti kumene Facebook inalowa, zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa zinakwera, makamaka pakati pa ophunzira amene akanadziona otsalira, monga ochokera m'mabanja osapeza bwino. Nthawi imeneyo batani la like kunalibe, linabwera mu 2009. Kungoonerera moyo wa ena kunali kokwanira. Nakonso ku University of Pennsylvania mu 2018, ophunzira amene anauzidwa kuti asapyole mphindi 10 patsiku pa Facebook, Instagram ndi Snapchat, tsamba lililonse palokha, anachepa kusungulumwa ndi kukhumudwa patangotha milungu itatu.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anasanthula mayankho a achinyamata zikwi mazanamazana, n'kupeza kuti ubale wa pakati pa kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono ndi umoyo wa m'maganizo ndi waung'ono zedi, wosasiyana kwenikweni ndi wa kudya mbatatesi. Sindikukana. Koma chiwerengero chotere chimasakaniza anthu onse pamodzi: gogo amene akulankhula ndi mdzukulu wake pa WhatsApp, mayi amene akutsatsa kaunjika pa status, ndi mtsikana amene wagona pamphasa usiku akuyang'ana matupi osalazidwa ndi ma filter. Awiri oyambawo apindula, wachitatuyo wavulala, ndipo ukaphatikiza onse zimaoneka ngati palibe chachitika. Philippe Verduyn ndi anzake anasonyeza mu 2015 kuti kungoyendayenda pa Facebook osalankhula ndi munthu ndiko kumatsitsa chimwemwe, ndipo njira yake ndi kaduka. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati tingozitaya zonsezi. Mauthenga a maliro, ndalama zothandizira odwala ndi malonda ang'onoang'ono zimayenda pa masamba omwewa.

Ena amati nkhani ndi kudziletsa basi, munthu azidziwa malire. Mawuwa amapeputsa mdani. Makampaniwa amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, choncho phindu lawo limakula wina akachedwa pa tsambalo. Zithunzi sizitha ngakhale utsitse chala mpaka kutopa, ndipo makina ndi amene amasankha zoti uone potengera chimene chinakuimitsa dzulo. Ngati chinakuimitsa ndi chithunzi chimene chinakupweteka mtima, mawa akubweretsera china chonga chomwecho. Kuuza mwana wa zaka 14 kuti alimbane yekha ndi zimenezi si chilungamo.

Dziko la Australia linakhazikitsa lamulo mu Novembala 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masambawa. Ndikumvetsa nkhawa yawo, koma lamuloli likusiya kapangidwe ka masambawo mmene kalili, ndipo wa zaka 17 ndi mayi wa zaka 40 nawonso amadziderera. Mu 2021 Instagram inalola kubisa chiwerengero cha ma like, koma inasiya kuti munthu achite kufunafuna yekha pozimitsira. Maboma akakamize makampaniwa kuti ziwerengerozo zizikhala zobisika kuyambira pachiyambi, ndiponso kuti atsegule nkhokwe za kafukufuku wawo kwa ofufuza oima paokha.