Botolo lakuda si lakale ayi

Pali bodza limene likuyenda pakati pa ife okonda kutolera mabotolo akale, ndipo ine landikwana. Munthu afukula botolo kudzala, alijambula matope ali mbuu, aliika pa Facebook: "La nthawi ya atsamunda, zaka 150, mtengo ku inbox." Anthu n'kumatumiza ndalama ndithu. Abale, matope si zaka. Botolo la chaka chatha likagona m'dothi dzinja limodzi limaoneka ngati linamwera agogo a agogo anu.

Zaka za botolo zimawerengedwa pagalasi pomwepo. Yambani ndi msoko, kamzere kaja kamene chikombole chimasiya m'mbali. Ukathera m'khosi osafika kukamwa, ndiye kuti mlomowo anaumaliza ndi manja. Ukakwera mpaka pamwamba penipeni pa mlomo, limenelo ndi la makina, ndipo makina a Michael Owens opanga mabotolo pawokha anabwera mu 1903 ku America. Ndiye zaka 150 zichokera kuti? Onaninso kukamwako. Ngati ndi kotsekera chitsekerero chamanomano ngati cha Fanta, dziwani kuti William Painter anachipanga mu 1892 ku Baltimore. Botolo silingabadwe chitsekerero chake chisanabadwe.

Amene amandinyansa kwambiri ndi aja odziwa pang'ono. Amvapo za botolo la Codd, lija lokhala ndi kampira kagalasi m'khosi, kamene mpweya wa chakumwa umakakankhira kukamwa n'kutseka. N'zoona, Hiram Codd wa ku London analipanga m'ma 1870, ndipo akalewo ndi osowa chifukwa ana ankawaswa kuti atenge kampirako. Koma mpaka lero ku Japan amagulitsiramo Ramune, ku India amagulitsiramo banta. Kampira pakokha sikanena chaka, aise.

Chimodzimodzi manambala. Botolo la Coca-Cola lachiuno lija likalembedwa 1915, chimenecho ndi chaka cha patent imene kampani ya Root Glass ya ku Terre Haute, Indiana, inalembetsa. Si tsiku limene botolo lanulo linatuluka m'ng'anjo. Ndipo lolembedwa Carlsberg Malawi musalikokere kwa atsamunda: fakitale ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, ufulu tinali titalandira kale.

Ena amati, "Iwe, asiye anthu apeze ya sopo." Ya sopo kumene, koma ikuchoka m'thumba mwa ndani? Mwa mnyamata amene wangoyamba kumene, wagula botolo lake loyamba ndi ndalama ya bando. Akadzazindikira kuti anamupusitsa, sadzatoleranso, ndipo tsiku limene adzapeze lenileni, la chipsera chokhakhala pansi pomwe wouzira galasi anathyola ndodo yake yachitsulo, adzaliponya kudzala komweko.

Wogulitsa akakana kukujambulirani mlomo ndi pansi pa botolo, ine ndalama yanga sindituma.