Mapaipi Awiri Kumbuyo kwa Galimoto: Mphamvu Kapena Phokoso?

Ndifuna kunenapo maganizo anga pa mkangano umene watigoneka mochedwa ku hositelo masiku ambiri. Tsiku lina pochokera ku mpira tinaona galimoto yofiira pa Mbulumbuzi, mu msewu wa ku Zomba, ilikubangula ngati mkango. Kumbuyo kwake kunali mapaipi awiri a ekizozi onyezimira. Anyamata anaomba m'manja nati, "Galimoto ndi imeneyi! Za paipi imodzi n'za agogo." Ine nditatsutsa anandikuwiza. Tsono popeza pakamwa anandiposa, ndiwayankha ndi cholembera.

Poyamba tidziwe ntchito ya ekizozi. Injini ya petulo iyenda monga mwa nzeru ya Nikolaus Otto wa ku Germany, amene anaikonza m'chaka cha 1876. Pisitoni ichita maulendo anayi m'silinda. Itsika nikoka mpweya ndi petulo, ikwera nizipanikiza, pulagi iyatsa moto umene uikankhira pansi, ndipo ikweranso kutulutsa utsi. Utsiwo ukachedwa kutuluka utsekereza mpweya watsopano, ndipo moto wotsatirawo ukhala wofooka. Aliyense amene anasonkhapo moto m'khitchini yosalowa mpweya adziwa zimene ndikunenazi.

Anzanga aja akuti ngati khomo limodzi lithandiza, makomo awiri athandiza koposa. Sindikana, m'mawu awo muli choona. Zilipo injini zazikulu za masilinda 8, oikidwa m'mizere iwiri ngati chilembo cha V, monga ija kampani ya Ford inayamba kugulitsa kwa anthu wamba ku America m'chaka cha 1932. Injini yotere itulutsa utsi wochuluka kumbali zonse ziwiri. Mzere uliwonse ukapatsidwa paipi yakeyake, utsi sulimbirana njira, ndipo mphamvu iwonjezekadi, makamaka injini ikamazungulira mothamanga kwambiri.

Koma kodi ndi angati mwa ife anakwerapo V8? Magalimoto otinyamula kuchokera ku Limbe kunka ku Boma kapena ku Namadzi ndi Toyota Sienta, Probox ndi ena aang'ono obwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito. Sienta zakale zimene zadzaza pa siteji zili ndi masilinda 4 okha mu mzere umodzi, injini ya malita 1.5. Timapaipi tinayi tochokera ku masilindawo tikumana pamodzi, ndipo paipi imodzi ikwanira kunyamula utsi wonse, pakuti anaiyeza kale ku fakitale.

Pali chinanso chimene anzanga sachidziwa. Utsi sutuluka ngati madzi a pa mpopi, utuluka m'timagulu. Kagulu kalikonse kakathamanga m'paipi kasiya mpweya wochepa pambuyo pake, ndipo malo amenewo akoka kagulu kotsatira. Mukakulitsa njira mopitirira muyezo, utsi uyenda mwaulesi ndipo kukoka kuja kuchepa. Taonani madzi a m'ngalande ya kudimba: pamene ngalande yapapatiza athamanga, pamene yatambalala angoti phwa. Chotero galimoto yaing'ono yoikidwa mapaipi aakulu awiri ikhoza kufooka pa nthawi imene mphamvu ifunika koposa, ndiyo pamene yadzaza anthu ndi matumba a nandolo ilikukwera chitunda.

Tsiku lina mukaona galimoto ya mapaipi awiri itaima, gwadani musuzumire pansi pake. Nthawi zambiri mudzapeza paipi imodzi yokha kuchokera ku injini, imene yangochita mphanda kumapeto kwa sailensa. Mapaipi awiriwo ndi ndolo chabe. Ndipo kubangula kuja sikutanthauza mphamvu ayi, kutanthauza kuti sailensa inabooledwa kapena kuchotsedwa.

Nkhaniyi sindinaimve kwa anthu, inachitika pakhomo pathu. Achimwene anga aakulu ayendetsa matola pa Sienta, ndipo fizi yanga ichokera m'galimoto imeneyo. Chaka chatha anakopeka ndi anzawo a pa siteji, napita kwa wowotcherera wina amene anadula sailensa naikapo mapaipi awiri. Amayi anawafunsa, "Kodi mwanawe, anthu akwera phokoso kapena galimoto?" Iwo anangoseka. Petulo anapitabe monga kale, ndipo chitunda chimene ankakwera ndi giya yachiwiri anakwerabe ndi giya yachiwiri. Anthu achikulire ndi amayi a makanda anayamba kudikira galimoto ina. Patapita miyezi iwiri, powotcherera paja panang'ambika chifukwa cha mabampu, utsi nuyamba kulowa m'kati. Mu utsi umenewu muli carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene upha munthu. Achimwene anali kubwera madzulo mutu ukuwaphwanya osadziwa chifukwa chake, mpaka makaniko wina wachikulire anazindikira. Anagula sailensa ina, nataya ndalama kawiri. Teremu imeneyo ine ndinakhala kunyumba masabata awiri kudikira fizi, anzanga alikuphunzira.

Makaniko uja anawalangiza zinthu zimene anyamata saziombera m'manja: kusintha oyilo pa nthawi yake, kutsuka kapena kusintha fyuluta ya mpweya imene fumbi la misewu yathu liitseka msanga, kuika mapulagi abwino, kupopa matayala mokwanira, ndi kusadzaza katundu mopitirira. Atachita zimenezi galimoto inakoka bwino kuposa mmene inakokera ili ndi mapaipi awiri.

Chifukwa chake ine nditi, mapaipi awiri ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi pa injini yaikulu ya mizere iwiri. Wina wa inu akadzalemera nagula V8, aikepo awiri, ndipo ine ndidzapempha kukwera nawo. Koma pa timagalimoto timene tidyetsa mabanja athu, paipi imodzi yosadontha ndi sailensa yamoyo zikwanira. Ena mwa ife tidzakhala amakaniko ndi mainjiniya. Tiyambe lero kufunsa mmene chinthu chigwirira ntchito tisanachiombere m'manja, pakuti akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wophunzira wa Fomu 3