Makiyi a pulogalamu ya kompyuta akhale m'manja mwathu

Mnyamata wa ku Chembe amene akufuna kukasaka maganyu ku Joni amayamba wagulitsa usipa kwa miyezi kuti apeze ya pasipoti, kenako n'kukwera njinga yamoto mpaka ku Monkey Bay, n'kulowa minibasi ya ku boma la Mangochi. Kumayambiriro kwa 2024 anyamata otere ankabwerera chimanjamanja chifukwa ntchito yosindikiza mapasipoti inali itaima m'dziko lonse. Mu February chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowerera makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo akufuna dipo. Nkhaniyi inayambira patali. Mu 2019 boma linasainirana mgwirizano wa madola oposa 60 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain pa ntchito yosindikiza mapasipoti, ndipo mu December 2021 linauthetsa. Wolakwa kaya anali ndani, chimene chinaonekera poyera n'chakuti boma linalibe anthu ake okwanira amene akanadzutsa makinawo msanga. Apa ndi pamene ntchito zambiri zopanga mapulogalamu a kompyuta m'dziko muno zimagwera: timakonzekera tsiku lodula riboni, osakonzekera tsiku limene wopanga pulogalamuyo adzanyamule katundu wake n'kumapita.

Msodzi wa ku Chembe sagula injini ya bwato imene palibe makaniko wa ku Monkey Bay angaimasule, ngakhale ikhale yothamanga chotani. Woyang'anira ntchito yopanga pulogalamu aganizenso motero asanasaine pepala lililonse. Mgwirizano unene momveka kuti code yonse, mapasiwedi ndi nkhokwe ya mayina a anthu ndi za mwini ntchito kuyambira tsiku loyamba. Akatswiri athu akhale pa desiki limodzi ndi opangawo pamene ntchito ili mkati, osati kuwaitanira ku maphunziro a masiku atatu ku hotela ya kunyanja zonse zitatha. Ndalama zilipiridwe pang'onopang'ono, gawo lililonse likayesedwa ndi amene adzaligwiritse ntchito, kumalo kumene magetsi amathimathima ndipo netiweki imabwera mwa apo ndi apo. Ndipo bajeti ikhale ndi ndalama zosamalira pulogalamuyo zaka zotsatira, poti pulogalamu yosakonzedwa imakalamba msanga kuposa nyumba.

Ena amati Malawi alibe akatswiri okwanira. Umboni ukukana. Kuyambira 2001, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ongodina ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mapulogalamu ake, amene anadzafalikira m'zipatala zopereka ma ARV, ankalembedwa ndi achinyamata a konkuno. Chaka ndi chaka sukulu za ukachenjede za MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni zikutulutsa ena. Chimene chimasowa ndi malipiro owasunga m'boma, ndipo amenewo ndi ochepa powayerekeza ndi ndalama zimene timalipira kampani yakunja nthawi iliyonse makina akadwala.

Chitsutso cholemera ndi china: kodi makiyi akakhala m'manja mwa anthu athu, sadzaba? Funsoli silopepuka kwa aliyense wokumbukira Cashgate ya 2013, pamene anthu a m'kati ankalemba malipiro abodza mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera ndalama za boma, n'kufufuta mapazi awo. Koma mankhwala a kuba si kupereka makiyi kwa mlendo. Ndi kupanga pulogalamu yosunga dzina la aliyense amene wakhudza ndalama mosafufutika, kugawa mphamvu kuti wolemba malipiro asakhale yemweyo wovomereza, ndi kulola owerengera chuma cha boma kuunika nthawi iliyonse. Zimenezinso zimalembedwa poyambirira pa ntchito.

Njira yabwino tinaionapo kale. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 pansi pa bungwe la VillageReach, chinakula pang'onopang'ono mpaka kufika m'maboma onse 28, ndipo Unduna wa Zaumoyo unachitenga utakonzekera kwa zaka. Aphungu athu, a ku Mangochi akhale patsogolo, aziitanitsa mgwirizano uliwonse wa mapulogalamu a boma ndi kuukana ngati sukutchula Amalawi amene adzauyendetse kampani ikachoka.