Kodi "as if he were" ndi Chingerezi cholakwika?

Pamene ndinali pa ntchito yoyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale, mtsikana wa Fomu 3 analemba mu chimangirizo chake kuti, "My uncle talks as if he were the chief." Ine ndinatenga cholembera chofiira n'kudula mawu oti "were", pamwamba pake n'kulemba "was", ndipo ndinam'chotsera malikisi awiri. Mawa lake anabwera ndi kope lake n'kunena mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, malume anga si mfumu ayi. N'chifukwa chake ndinalemba choncho." Mwanayo analondola. Wolakwa ndinali ine. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza kuti mawu oti "as if" timawaphunzitsa molakwika, ndipo m'nkhani ino ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Mawu oti "as if", pamodzi ndi anzake oti "as though" omwe tanthauzo lake ndi lomwelo, amayerekeza chinthu chimene chikuchitikadi ndi chinthu china chongoganizira. Malume aja akuyankhuladi, koma ufumuwo uli m'maganizo chabe. Pofuna kusonyeza kuti chinthucho si choona, Chingerezi chimabweza mneni m'mbuyo ngakhale nkhaniyo ili ya lero. Munthu akati "He talks as if he knows the answer", wasiya mpata woti mwina munthuyo yankho akulidziwadi. Koma akati "as if he knew the answer", akusonyeza kuti iye sakukhulupirira zimenezo. Choncho "knew" pamenepa sakunena za dzulo. Akunena kuti nkhaniyo yatalikirana ndi choonadi.

Mneni woti "be" ali ndi njira yakeyake. Pa zinthu zongoyerekeza, "were" amayenda ndi "I", "he" kapena "she", pamene malamulo amene tinaloweza ku pulayimale amati pakhale "was". Awa ndi matsalira a Chingerezi chakale. H. W. Fowler, m'buku lake la 1926 lotchedwa A Dictionary of Modern English Usage, anaona kale kuti kayankhulidwe ka mtundu umenewu kanali kakufa kupatula m'malo ochepa. Komabe sikanafe. Randolph Quirk ndi anzake anakafotokoza m'galamala yawo ya 1985, ndipo Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, mu 2002, anakapatsa dzina loti "irrealis were", kutanthauza "were" wa zinthu zosachitika. Akatswiri omwewa amavomereza kuti "was" nayenso amamveka kwambiri pamalo amenewa, makamaka pocheza. Ndiye kuti mtsikana uja akanalemba "was" sakanalakwa, koma "were" amene analembayo ndi amene amayenera bwino m'zolemba za kusukulu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Chichewa chili ndi zonse zofunika pofotokoza nkhani imeneyi, koma m'kalasi la Chingerezi timachita ngati kulibe. Mawu athu oti "ngati" amagwira ntchito ziwiri. Timati "ngati ubwera, undiuze", timatinso "amathamanga ngati kalulu". Apa "ngati" woyamba ndi "if", wachiwiri ndi wofananitsa, ndipo "as if" ndi kuphatikiza kwa ziwirizi. Mwana aliyense amamva bwino akauzidwa kuti "ukuyenda ngati kuti msewu ndi wako". Amadziwa kuti msewuwo si wake ndipo akudzudzulidwa. Tilinso ndi mphatikiram'kati -kana- kapena -kada-, monga m'mawu oti "ndikanakhala mfumu, bwenzi nditagawa malo". Wonena mawuwa si mfumu, ndipo aliyense womumva amazindikira zimenezo popanda kufunsa. Ntchito imene -kana- amagwira kwa ife ndi imene "were" amagwira kwa Mngerezi. Ndikanayamba ndaganiza m'Chichewa ndisanatukule cholembera chija, sindikanam'lakwira mwana uja.

Ena adzati kulowetsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi kumasokoneza ophunzira, chifukwa amayamba kumasulira liwu ndi liwu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo zilankhulo ziwirizi sizifanana paliponse. Ife tikati "akuyankhula ngati akudziwa", mneni sasintha, kaya munthuyo akudziwa kapena ayi. Kusiyanako timakusonyeza ndi kamvekedwe ka mawu, kapena powonjezera kuti "chonsecho sadziwa kanthu". Chingerezi chimaika kusiyanako mu mneni mwenimwenimo. Koma kusiyana kumeneku ndiko kuyenera kuphunzitsidwa. Wophunzira akaona pamene zilankhulozi zikufanana ndi pamene zikusiyana, amadziwa pofunika kusamala. Akangouzidwa kuti "loweza, umu ndi mmene Azungu amanenera", amaloweza lero, mawa n'kuiwala.

Maganizo anga ndi awa. Mphunzitsi ayambe ndi tanthauzo pofunsa ngati chinthu chikuyerekezedwacho ndi choona kapena ayi. Kenaka alole ophunzira kupereka zitsanzo zawo m'Chichewa asanazisandutse Chingerezi. Asadule "was" m'nkhani yocheza, koma awauze kuti m'kalata ya ntchito ndi m'mayeso "were" ndiye wodalirika, ndiponso kuti m'mawu okhazikika monga "as it were" sasinthika konse. Awachenjezenso kuti "As if!" wonenedwa payekha, amene anatchuka ndi filimu ya ku America ya 1995 yotchedwa Clueless, ndi mawu okana monyoza ndipo sayenera kunenedwa kwa munthu wamkulu.

Mtsikana uja ndinam'bwezera malikisi ake awiri, ndinapepesanso pamaso pa anzake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ana ena amene amadulidwa mayankho olondola koma alibe mtima wobwerera ndi kope kwa aphunzitsi awo. Ifeyo amene tikuphunzira za zilankhulo ndife tidzagwire cholembera chofiira mawa. Tisanadule liwu la mwana, tiyambe tam'funsa chimene amafuna kunena.