Nanga womenya ng'oma uja, mumam'dziwa?

Tsiku lina m'minibasi ya ku Kapata, kondakita anatsegula "Noid" ya Tyler, the Creator, anyamata kumbuyo n'kumati zonse n'za ku America. Iyayi abale. Mu 2024 Tyler anatapa mu "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, ya pa cimbale ca 45,000 Volts ca mu 1977.

A Paul Ngozi timawachula, gitala yawo inali moto. Koma ng'oma zija ankamenya a Chrissy Zebby Tembo. Iwowa anatulutsanso cimbale caocao, My Ancestors, akuimba ndi iwo, a Ngozi ali pa gitala. Kunja anacisindikizanso, akugulitsana. Kuno ku Chipata ine sindinacimvepo pa wailesi, ngakhale pa fulashi ya dalaivala. A DJ, mukudikira Tyler wina?